A Mwale ndi Chitedze cha Asiyatu

Mwezi watha tinali ku Mitundu kokaona chiliza cha a Elifazi Mwale, patatha chaka chiwaikire m'manda. Ana awo anakonza mwambo wabwino ndithu. Anabwereka mipando ku tchalitchi, kwaya inaimba, ndipo aliyense wofika ankapatsidwa kapepala ka ndondomeko ya mwambowo. Kutsogolo kwa kapepalako kunali nkhope ya malemu atavala jekete lawo lotuwa. Kuseri kunali chithunzi cha chitedze: maluwa ake akuda mofiirira atalendewera, makoko ake aubweya, ndi njere zake pambali. Pansi pake analemba kuti ndi ntchito ya manja a bambo awo. Ndinapinda kapepalako n'kukaika m'chikwama. Chitedze chimenecho sanajambule a Mwale. Anajambula ndi Asiyatu wa ku Nathenje, ndipo ine ndinalipo pamene ankachijambula.

Ana aja sanalakwe dala. Anakulira m'tauni, ndipo chithunzicho anachipeza pa foni dzina la bambo awo lili pomwepo. Pamwambo paja sindinanene kanthu, chifukwa pamanda si pamalo pake. Koma ndakhala nazo mumtima, ndipo ndikuona kuti munthu amene anatiphunzitsa kusanama papepala ndi woyenera kumufotokoza monga anali.

A Mwale anali aatali, owonda, oyenda chowerama ngati ataya singano m'udzu. Ukakumana nawo panjira ya kumsika moni ankayankha, koma maso ali m'mphepete mwa msewu. Pa unyamata wawo analembedwa ntchito ndi mzungu wina wofufuza zomera, amene ankayenda m'madambo ndi m'mapiri a chigawo chapakati kutola masamba n'kumawapanikiza pakati pa nyuzipepala. Mkazi wa mzunguyo ndiye anawagwiritsa burashi koyamba, n'kuwasonyeza utoto uja wouma wa m'timabokosi, umene umadzuka ukaukhudza ndi madzi. Posakhalitsa iwo ndi amene ankajambula zonse. Azunguwo atabwerera kwawo anatulutsa buku lalikulu la zomera za kuno, zithunzi zambiri zili za a Mwale. Dzina lawo munalibemo. Kumapeto kwa bukulo anangothokoza anthu akumudzi amene anathandiza kunyamula katundu.

Nkhani imeneyi tinaimva kambirimbiri. Ankaiyamba pa chilichonse, ngakhale wina atangofunsa za mvula. Akafika pa mawu onyamula katundu aja ankaimika nkhani, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi kuti aone ngati tapsa mtima mokwanira. Ife tinkapsadi mtima.

Atapuma pa ntchito zina zimene anagwira pambuyo pake, anayamba kuphunzitsa pakhonde la nyumba yawo Loweruka lililonse m'mawa. Ine ndinapitako chifukwa ndinali mphunzitsi wa pulaimale ndipo zomera zimene ndinkajambula pa bolodi ana ankaziseka. Panali aphunzitsi anzanga angapo, kalipentala wina, ndi amayi a m'mudzi momwemo amene ankabwera n'kusiya, n'kudzabweranso. Sankauza munthu kuti alipire. Ankangofuna kuti ufike dzuwa lisanakwere, ndiponso ubwere ndi chomera chako chozula wekha, mizu ili pomwepo.

Masabata oyamba burashi sunkaigwira. Ankakupatsa tsamba la chisoso, udzu umene tonse timadya n'kumaupondanso, n'kukuuza kuti uliyang'ane. Ukanena kuti waliona, ankalibisa kumbuyo n'kukufunsa ngati mano a m'mphepete mwake amaloza kunsonga kapena kuphesi. Tonse tinkalephera. Ankati anthu ambiri amajambula tsamba la m'mutu mwawo, osati limene lili patsogolo pawo, ndipo tsamba la m'mutu ndi lofanana kwa aliyense. Ngati mbozi yadya pena, unkayenera kujambula podyedwapo. Duwa ankati uling'ambe pakati ndi lezala kuti uone za m'kati, ndipo ukawonjezera kanthu kamene Mulungu sanaikepo pofuna kukongoletsa, ankatembenuza pepala lako chafufumimba.

Utoto wobiriwira wa m'bokosi ankaudula n'kuutaya tsiku lomwe bokosi lafika. Ankati palibe tsamba limene limaoneka choncho kupatula la pulasitiki. Wobiriwira unkayenera kuupanga wekha posakaniza wabuluu ndi wachikasu, wa therere wake, wa mpungabwi wake. Ankatiphunzitsa kuyamba ndi madzi ongoda pang'ono, kudikira kuti aume, kenako kubwereza pamwamba, mpaka mtundu utakhwima. Pamene tsamba likunyezimira ankati tisiye pepala loyera, chifukwa ukapaphimba sudzapabwezanso. Madzi a pa mjigo ankawakana, ati amasiya mchere papepala, choncho ankasunga a mvula m'mgolo umene aNabanda, akazi awo, sankaloledwa kutungamo ngakhale m'chilimwe. Maburashi aang'ono kwambiri ankapanga okha ndi ubweya wa m'khutu mwa ng'ombe, umene ankakapempha kwa ophera nyama kumsika, n'kuumangirira m'nthenga ya nkhuku.

Anali munthu wa mikangano. Ndi aNabanda ankakangana chifukwa cha timbale ta tiyi timene analandira pa ukwati wawo, tomwe tonse tinathera pakhonde kusakanizira utoto. Ndi anansi ankakangana chifukwa chokana kulambula kuseri kwa nyumba, kumene ankati ndi kosungira zophunzitsira, pamene anansiwo ankati ndi koweta njoka. Akuluakulu a mpingo atawapempha kuti ajambule maluwa a rozi pakhoma la kutsogolo kwa tchalitchi, iwo anati rozi sanamuonepo atamera yekha ku Mitundu, ndipo anapereka maganizo oti ajambule muwale ndi bonongwe. Mkulu wina anayankha kuti tchalitchi si dimba. Kuyambira pamenepo a Mwale ankakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo anakhala pomwepo mpaka miyendo inawakanika.

Panali lamulo lina limene tinkaliona ngati laling'ono. Wophunzira sankalemba dzina pa chithunzi chake. Ankati dzina limalembedwa munthu akapsa, ndipo adzatiuza okha tsikulo likafika. Zithunzi zimene zawasangalatsa ankazisunga m'bokosi lawo la mlombwa kuchipinda, poopa chiswe ndi chinyontho. Chako chikalowa m'bokosimo unkabwerera kunyumba ukumwetulira njira yonse.

Asiyatu ndinamupeza ndine. Amagulitsa nsalu ndi ulusi m'shopu ya banja la amuna ake ku Nathenje, m'mphepete mwa msewu waukulu. Tsiku lina ndikusankha chitenje, pepala langa la tsamba la nsatsi linagwa m'chikwama. Anatola, n'kuliyang'ana nthawi yaitali kasitomala wina akudikira.

"Madamu, mwajambula nokha?"

"Eya, koma musaseke. Ndikuphunzira kumene."

"Phesili limalowa pakati pa tsamba, chapansi. Inu mwalilowetsa m'mphepete."

Ndinakaona nsatsi ya kuseri kwa shopu, ndipo zinalidi momwemo. Ndinamuuza za a Mwale. Panatenga nthawi kuti abwere, chifukwa apongozi ake anayamba akafunsa kwa shehe ngati kujambula kotere n'kololedwa. Shehe anati masamba ndi maluwa alibe choletsa. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakwera kabaza wa njinga yamoto kudzera msewu wafumbi, n'kufika mpango wake wa kumutu utafiira ndi dothi, chomera chake chili m'jumbo lonyowa.

A Mwale sankayamikira munthu, koma kwa Asiyatu ankaima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Pasanapite zaka zambiri zinali zoonekeratu kuti watiposa tonse. Ankamutchula kuti mwana wanga. Anamupatsa galasi lawo lokuzira zinthu, limene ife sankatilola ngakhale kulipukuta. Pafupifupi chilichonse chimene ankajambula chinkalowa m'bokosi la mlombwa.

Chitedze chija chinamudyera chaka. A Mwale ankafuna duwa, khoko ndi njere zikhale papepala limodzi, chilichonse chojambulidwa pa nyengo yake kuchokera ku chamoyo. Maluwa anawajambula kumapeto kwa dzinja. Makoko anadikira mpaka mwezi wozizira, atakhwima ubweya uja woyabwa. Anakathyola yekha m'mphepete mwa mtsinje atakulunga manja m'mapepala a pulasitiki, komabe unamupeza. Anafika pakhonde mikono itatupa, akudzikanda mpaka misozi, ife tikuseka, aNabanda akumupaka phulusa. Anakhala pansi n'kujambula ubweyawo umodziumodzi ndi burashi ya m'khutu mwa ng'ombe, Loweruka ndi Loweruka. Atamaliza, a Mwale ananyamula pepalalo m'mphepete ndi manja awiri, n'kulowa nalo m'nyumba. Potuluka anangoti tiyi wapsa.

Za chionetsero sitinamve kwa iwo. Mlamu wake wa Asiyatu, amene amayendetsa minibasi, ndiye anamuonetsa uthenga pa foni wonena kuti mu holo ya hotela ina ku Lilongwe muli chionetsero cha zithunzi za zomera za kuno, ntchito ya mkulu wina wa ku Mitundu. Asiyatu anandiimbira akusangalala. Tinaganiza kuti a Mwale achita manyazi kutiuza, ndipo tinagwirizana zokawadzidzimutsa. Iye anavala diresi lake la pa Idi. Tinagula malalanje pa siteji oti tikawapatse.

Titalowa mu holomo ndinaona kaye zithunzi zawo zakale, za msuku ndi chitimbe, mapepala atayamba chikasu. Zinali zochepa, pakhoma limodzi. Makoma enawo anali a Asiyatu. Panali luni wake, kakombo wake wa m'dambo la kwawo, denje, mpungabwi, ndi china chimodzi cha kalipentala uja. Chitedze anachiika pakati, m'felemu ya galasi, nyali ikuchiwalira. Pakona ya chilichonse panali polembedwa ndi pensulo kuti E. Mwale, zilembo zake zokhotakhota.

Asiyatu anayenda khoma lonse pang'onopang'ono, jumbo la malalanje lili m'manja.

A Mwale anali ataima pa chitedzepo ndi jekete lotuwa lija, atazunguliridwa ndi alendo. Mayi wina wovala bwino ankawafunsa kuti ubweya wosalala chonchi anaujambula bwanji pa msinkhu wawo. Iwo ankafotokoza za khutu la ng'ombe, alendo akuseka mokondwa. Kenako anatiwona. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene waponda minga koma sakufuna kuti anzake adziwe.

Mayi uja anatembenuka n'kufunsa kuti, "Awa ndi achibale?"

"Awa ndi madamu a kusukulu kwathu," anatero a Mwale. "Uyu ndi mwana wanga wa ku Nathenje. Amandithandiza kutola zomera ndi kutsuka maburashi."

Mayiyo anamugwira chanza Asiyatu n'kumuuza kuti ali ndi mwayi waukulu wokhala pafupi ndi munthu waluso chotere, ndipo aphunzire msanga nkhalamba zisanathe. Asiyatu anayankha kuti zikomo. Anaika malalanje aja pampando n'kutuluka. Ndinamupeza panja ataima pafupi ndi mpanda, akukanda mkono wake ngati chitedze chamugwiranso.

Loweruka lotsatira Asiyatu anapita ku Mitundu, koma wopanda chomera. Ine ndinalipo, ndi kalipentala, ndi aNabanda amene ankasenda nandolo pakhomo. Asiyatu anapereka moni bwinobwino, anagwada monga ankachitira nthawi zonse, kenako anafunsa.

"Abambo, munkati dzina timalemba tikapsa. Ine ndinali ndisanapse?"

"Unapsa kalekale."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

A Mwale anayang'ana kumsewu. Kenako anati, "Anthu aja anabwera kudzafuna ine. Amafuna nkhalamba imene inajambulira azungu. Ndikanawauza kuti pali mayi wogulitsa nsalu ku Nathenje, akanabwerera. Ndipo usaiwale, mwana wanga, dzanja ndi lako, koma amene anakutsegula maso ndine. Chilichonse chili pamapepala paja ndinakuphunzitsa ndine."

"Mzungu uja nayenso mkazi wake ndi amene anakuphunzitsani," anatero Asiyatu.

Kalipentala anaweramitsa mutu. A Mwale anadzuka, ndipo ndinaganiza kuti akalipa monga ankachitira ndi akuluakulu a mpingo. Koma anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

ANabanda ndi amene analankhula, maso ali m'lichero. Anati manja a amuna awo anayamba kunjenjemera kalekale, Asiyatu asanayambe n'kubwera komwe. Tiyi ankamwera kuchipinda kuti tisaone akutayika. Mabatani a malaya ankawamangira ndi iwo. Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira kuti kwa zaka zonsezo a Mwale ankatiphunzitsa ndi pakamwa, manja ali kumbuyo kapena m'matumba, ndipo ife tinkayesa kuti ndi khalidwe la mphunzitsi wofuna kuti wophunzira adzivutikire. Anthu a chionetsero atabwera n'kupempha zithunzi zatsopano, iwo anatsegula bokosi la mlombwa.

"Ndinawauza kuti zimenezi si zabwino," anatero aNabanda. "Anandiyankha kuti kamodzi kokha asanafe akufuna aone dzina lawo pakhoma. Mayina aja analemba masiku angapo, dzanja lina litagwira linzake."

Asiyatu anamvetsera mpaka kumapeto. Anati akumva chisoni ndi za manjazo, ndipo akanamuuza, bwenzi atawalola kuti mayina onse awiri akhalepo, lawo pamwamba. Anatulutsa galasi lokuzira zinthu lija m'chikwama, n'kuliika pa mpando wa a Mwale. Anatsanzikana ndi aNabanda, n'kupita kukakwera kabaza.

Sanabwererenso. Kalipentala naye anasiya. Ena tinayesa kupitiriza, koma munthu ukamaliza chithunzi unkachipinda msanga n'kuchilowetsa m'chikwama, ndipo a Mwale ankaona. Nkhani ya buku la mzungu sanaikambenso. Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, pakhonde panalibe wobwera.

Chionetsero chitatha, zithunzi zinabwezedwa ku Mitundu kupatula chitedze, chimene chinapita kunja ndi mlendo wina amene anachikonda. Zotsalazo a Mwale anazikulunga m'chitenje n'kutumiza wakabaza kuti akasiye kushopu ku Nathenje. Sanatumize mawu alionse. Mayina aja sanafufute. Mtolowo uli pamwamba pa shelefu, kuseri kwa mipukutu ya nsalu za yunifolomu, ndipo sindikudziwa ngati unamasulidwapo kachiwiri.

A Mwale atagonekedwa m'chipatala pa matenda awo omaliza ndinapita kukawaona. Anali atatha thupi, manja akugwedezeka pamwamba pa bulangete, osabisikanso. Anandifunsa za sukulu, za mvula, za mtengo wa muwale wa panjira ngati wachita maluwa. Nditanyamuka kuti ndizipita anandigwira chitenje.

"Mwana uja akujambulabe?"

"Ayi, abambo. Anasiya."

Anatseka maso. "Mukamuuze kuti wobiriwira wake unkaposa wanga. Ngakhale wa nthawi imene manja anali abwino."

Ndinapita nawo mawuwo ku Nathenje tsiku lomwelo. Ndinamupeza akuyeza nsalu ya kasitomala. Anamvetsera, anadula nsaluyo, anaipinda, kasitomala n'kupita.

"Madamu, mawu amenewo akananena mu holo muja, pamene panali anthu."

Ndinamufunsa ngati sangayambirenso payekha, poti luso ndi lake ndipo palibe angamulande. Anati anayesapo. Anakhala pansi ndi tsamba la mbatata, koma atangoliyang'ana anamva mawu a a Mwale akumufunsa kumene mitsempha yake ikulowera, ndipo sakudziwa kuyang'ana tsamba mwa njira ina kupatula imene anamuphunzitsa iwo. Anati chimene chimamupweteka kwambiri n'chakuti amawasowa.

Pa maliro anabwera. Anakhala ndi amayi kuseri kwa nyumba, anapepesa aNabanda, n'kunyamuka olankhula asanayambe kufotokoza mbiri ya malemu. Ku chiliza sanabwere.

Mwambo wa chiliza utatha, anthu akubalalika, ndinadutsa kunyumba kuja kukatsanzika. Kuseri kumene kunali tchire analambula, ndipo pali mizere ya mbatata. Khonde analitchinga mbali imodzi ndi njerwa zosapaka, chifukwa mwana wawo wamwamuna akufuna kutsegulapo kagolosale. Ku mtanda wa denga kukadali misomali imene tinkapachikapo zomera ndi ulusi kuti zilendewere monga zimachitira kutchire, ina ikadali ndi timaulusi takuda ndi fumbi. Khoma la m'munsi mwa zenera ndi pamene tinkayesera utoto tisanaupake papepala. Lonse ndi timizere tobiriwira, tachikasu, tofiirira, tosanjikizana. Chakumtunda kuli ta a Mwale, towongoka, tozilala ndi dzuwa. Chapansi kumanzere, pamene Asiyatu ankayala mkeka wake, pali tobiriwira tambirimbiri tothinana, palibe tiwiri tofanana.

ANabanda anandipeza nditaima pomwepo. Anati ndiyang'anitsitse, chifukwa omanga abwera Lolemba. Thumba la laimu linali kale pakona.